Phwetekere wa Padzala: Mbewu ya Anganga Imene Ikutidyetsa M'tauni

Kwa abale ndi alongo athu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi ndi Monkey Bay mpaka ku Chipoka, Senga Bay ndi Nkhotakota. Tikulemba kuchokera ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre, kumene timatsogolera Swala pa kamzikiti kena, kwinaku tikulima kadimba kuseri kwa nyumba. Usipa ndi utaka umene mumatipatsira pa basi umafika bwino, Alhamdulillah. Koma amayi onse akudziwa kuti usipa wouma pawokha si ndiwo ayi. Umafuna matimati, ndipo kuno kutauni matimati ndi ndalama.

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, tapitani pamsika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Zingwangwa mukaone. Kamulu ka matimati atatu, ena obiriwira mbali imodzi, ena oyamba kuwola, mtengo wake umachita kufunsa kawiri poganiza kuti sunamve bwino. Ogulitsawo sitingawanene, nawonso amakapikula kutali, ku Lizulu ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ku Dedza, ku Bvumbwe. M'dzinja matimati amavuta kulima, ndiye ochepa amene apulumuka amakwera mtengo. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mbewu ya m'sitolo, feteleza, mankhwala ndi mayendedwe zonse zinakwera, ndipo zonsezo zimadzathera pa kamulu kaja.

Pakhomo pathu nyengo imeneyi sitidandaula kwambiri. Chotipulumutsa ndi kambewu konyozeka kamene inu kunyanjako mumangokaponda: phwetekere wamng'ono uja womera yekha padzala, kuseri kwa bafa kapena m'mbali mwa khola la mbuzi. Lero tikufuna tikuuzeni chifukwa chake tinasiya kumuona ngati udzu, mmene timamulimira pamalo ochepa, ndi mmene mbewu yake imasungidwira kuti isatithere.

Phwetekere ameneyu ndi uti?

Ana a masiku ano zonse amangoti tomato. Ife tikukula kumudzi, akuluakulu akati phwetekere ankanena wamng'onoyu. Zipatso zake n'zobulungira, kukula ngati masau kapena kuposerako pang'ono, ndipo zimabala m'timagulu pa kanthambi kamodzi. Khungu lake n'lopyapyala, madzi ndi njere n'zambiri, kukoma kwake n'kowawasira. Mtengo wake suima pawokha. Umayanga, n'kumangokula ndi kuchita maluwa atsopano kumtunda pamene kumunsi mukuthyola kale.

Ena amaganiza kuti ndi tomato wopinimbira chifukwa chosowa feteleza. Si choncho. Matimati onse kwawo kwenikweni ndi ku South America, cha ku Peru ndi Ecuador, ndipo akutchire a kumeneko ndi aang'onoang'ono ngati athuwa. Anthu a ku Mexico ndiwo anawalima kwambiri kalekale, kenako anthu a ku Spain anawatengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuchokera pamenepo amalonda anawafalitsa dziko lonse. Matimati akuluakulu a pamsikawa anabwera chifukwa cha kusankha kwa alimi mibadwo yambiri. Wathuyu sanatalikirane kwambiri ndi makolo ake, n'chifukwa chake amapirira pamalo pamene anzake amafa.

Chotiseketsa n'chakuti m'masitolo akuluakulu a m'tauni muno timatimati ting'onoting'ono timagulitsidwa m'timabokosi ta pulasitiki pamtengo wokwera kuposa matimati wamba. Kumaiko akunja anthu amasunga mbewu zamakolo zoterezi, kuzipatsa maina ndi kusiyirana m'banja ngati chuma. Ife tili nazo padzala, n'kumazizula polambula pabwalo.

Kusiyana kwake ndi mbewu ya m'sitolo

Tisanamizane, mbewu za m'sitolo zili ndi ntchito yake. Mitundu ngati Tengeru 97, imene inachokera ku Tanzania, komanso Tanya, Rodade ndi Money Maker, ndi imene alimi ambiri amalima kuti agulitse. Makamaka Tanya ndi Tengeru zipatso zake n'zolimba, zimayenda pa lole kuchoka ku Ntcheu kufika ku Limbe osaphwanyika. Wofuna bizinesi ya matimati alime zimenezo, ndipo afunse alangizi a zaulimi a m'dera lake.

Pali mbewu zina zimene papaketi pake pamalembedwa F1. Zimenezo ndi za haibulidi. Zimabereka kwambiri chaka choyamba, koma mukatenga njere za zipatso zake n'kudzafesa, ana ake amatuluka osiyanasiyana, ambiri osafanana ndi kholo. Ndiye chaka chilichonse muyenera kubwerera kusitolo ndi ndalama m'manja.

Phwetekere wathu alibe zimenezo. Duwa la tomato lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi, ndipo nthawi zambiri limadzibereketsa lokha. Choncho njere ya phwetekere imabala phwetekere yemweyo, chaka ndi chaka. Zofooka zake tizinenenso: sachedwa kufewa, amang'aluka mvula ikachuluka, kuthyola kwake n'kotopetsa, ndipo pamsika wamba ogula amamunyoza. Ameneyu si wa malonda. Ndi wa mphika wa pakhomo, kuti ndalama imene ikanapita ku kamulu ka tsiku ndi tsiku igule sopo kapena kope la mwana.

Mmene tinatsala pang'ono kuitaya

Mbewu imene tili nayo inachokera kwa anganga athu, mayi a mayi athu, kumudzi m'boma la Mangochi. Iwo ankafinyira phwetekere wakupsa pa kansalu, kakauma n'kukatsomeka kudenga la khitchini kumene utsi umafika. Pamene tinkasamukira kuno, amayi akunyumba anabwera ndi kansalu koteroko m'chikwama. Kuyambira pamenepo sitinagulepo mbewu ya matimati a pakhomo.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika. Mvula inagwa masiku angapo osaleka. Ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba ndi anthu omwe, Allah awachitire chifundo onse amene anatisiya. Ife tinapulumuka, koma mpanda wa njerwa zosawotcha unagwa pamodzi ndi khitchini, madzi n'kukokolola dimba lonse mpaka kusiya miyala. Botolo la mbewu linapita momwemo. Pa nthawi imene anthu ankaika maliro ambirimbiri, kudandaula za njere za phwetekere kunali kochititsa manyazi, ndiye tinangokhala chete. Koma mumtima tinkadziwa kuti chinthu chokhacho cha anganga chimene chinatsala m'manja mwathu chatha.

Patapita milungu ingapo, tsiku la Ijumaa titatsiriza Swala, kunabwera mayi wina wamasiye wa ku Machinjiri atanyamula kambale kovindikira ndi nsalu. Zaka ziwiri m'mbuyomo amayi akunyumba anali atamupatsa mbande zisanu, ife n'kuiwala. Anagwada pakhonde n'kunena kuti, "Shehe, ndamva kuti dimba lanu linapita ndi madzi. Uyu ndi phwetekere wanu yemwe uja, ine ndinangokusungirani." Tinati, "Mayi, Allah akulipireni zabwino," ndipo mawu ena anatisowa.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Tsiku limenelo tinaona kuti mwambiwu si wongokometsera pakamwa. Mbewu imene ili m'botolo limodzi, m'nyumba imodzi, ikhoza kutha usiku umodzi. Imene ili m'makomo khumi siingathe. Boma lili ndi nkhokwe yosungira mbewu zamakolo ku Chitedze, ku Lilongwe, ndipo ndi ntchito yabwino, koma mayi wa ku Bangwe kapena wa ku Makanjira mbewu yake adzaipeza kwa mnansi wake.

Kasungidwe ka njere

Njira ya anganga ya kansalu imagwira ntchito, koma pali ina imene imapatsa njere zoyera bwino. Sankhani mitengo itatu kapena isanu yathanzi, imene yabereka kwambiri ndipo sinafote. Musatenge pamtengo umodzi wokha. Thyolani zipatso zakupsa psuu, osati zotola pansi zowola. Zifinyireni m'kapu, njere ndi madzi ake omwe, thirani timadzi pang'ono, vindikirani ndi kansalu ndi kuika pamthunzi masiku 2 kapena 3. Kunyanja kumene kumatentha masiku 2 akwana. Pamwamba padzabwera thovu loyera ndi kafungo kowawasa. Musadabwe, ndi mmene zimayenera kukhalira. Njere ya tomato imakutidwa ndi kanthu koterera kamene kamailetsa kumera msanga, ndipo kusasa kumeneku kumachotsa koterera kaja pamodzi ndi matenda ena okhala pakhungu la njere.

Kenako thirani madzi oyera ndi kuvundula. Njere zabwino zimamira, zopanda kanthu zimayandama. Tayani zoyandamazo, tsukani zotsalazo kawiri kapena katatu, ndi kuziyanika pa mbale kapena pa nsalu, pamthunzi podutsa mphepo, kwa sabata imodzi. Musaziyanike pa lata padzuwa, zimapsa. Zikauma gwaa, ikani m'kabotolo kouma pamodzi ndi phulusa losefa pang'ono, tsekani bwino, ndi kulembapo chaka. Zikasungidwa pouma ndi pozizira zimamera ngakhale patapita zaka 3 kapena 4. Ngati pakhomo mulinso ndi matimati a mtundu wina, talikitsani pang'ono mitengo yotengapo mbewu, chifukwa njuchi nthawi zina zimasakaniza. Ndipo musaiwale phunziro lathu lija: gawani njerezo pawiri, theka likakhale kunyumba ina.

Kulima pamalo ochepa

Ku Ndirande nyumba n'zothithikana, mwina malo opanda kanthu ndi pakhonde pokha. Ku Chilomoni ndi ku Bangwe malo ambiri ndi otsetsereka ndi amiyala. Ku Machinjiri ena ali ndi mpata wokulirapo. Konseku njira imene yatithandiza ndi ya matumba.

Timayamba ndi nazale ya m'beseni lakutha lobowoka pansi. Timasakaniza magawo awiri a dothi, gawo limodzi la manyowa owolerana ndi mchenga pang'ono. Njere timafesa m'timizere, kuya kwake sentimita imodzi, n'kuphimba ndi udzu wouma. Pakati pa masiku 5 ndi 10 zimamera, ndipo udzu uja timauchotsa msanga kuti mbande zisatalike moonda. Pakatha milungu 4, mbande zili ndi masamba 4 mpaka 6, timawokera. Nthawi yabwino ndi madzulo, itatha Swala ya Asr, dzuwa litafooka. Mbandeyo ikwirireni mozama mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde la tomato limatulutsa mizu paliponse pamene lakhudza dothi.

Thumba la makilogalamu 50, la feteleza kapena la ufa, litsukeni, libooleni pansi ndi m'mbali mwa kumunsi kuti madzi azituluka, lipindeni kukamwa ndi kuthiramo dothi losakaniza ndi manyowa. Thumba limodzi, mbande imodzi. Liikeni pa njerwa, pamalo pamene dzuwa limafika maola osachepera 6. Ngati mukubzala pansi, siyani masentimita 60 pakati pa mbande. Zikani nsungwi yotalika mamita awiri, kapena kokani chingwe kuchoka kudenga, ndi kumamangirira tsinde ndi kansanza ka chitenje, osati waya. Mphukira zotuluka m'khwapa mwa masamba muzizithyola zikadali zazing'ono, n'kusiya nthambi ziwiri kapena zitatu zokha. Masamba a m'munsi okhudza dothi achotseni. Pakatha pafupifupi miyezi iwiri chiwokerereni mumayamba kuthyola, ndipo mtengo wosamalidwa umapitiriza kubereka miyezi ingapo.

Dothi la m'thumba silichedwa kutha mphamvu. Ife timamanga zitosi za nkhuku m'kathumba, n'kuviika m'ndowa ya madzi kwa milungu iwiri. Madzi akewo timawasungunula ndi madzi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, n'kuthira m'mbali mwa tsinde kamodzi pa milungu iwiri. Zitosi zaziwisi musaike pamizu, zimawotcha.

Timafesa katatu pa chaka: mu Malichi kapena Epulo mvula ikamatha, mu Ogasiti chisanu chikamachoka, ndi kumapeto kwa Okutobala. Ya Okutobalayi ndi imene imatipatsa phwetekere mu Januwale ndi Febuluwale. Chinsinsi chake n'chakuti matumbawo timawakokera pansi pa denga la khonde, pamene dzuwa la m'mawa limalowa koma mvula siimenya masamba. Matumba 6 akukwanira banja lathu. Kwa okhala nyumba za lendi ubwino wina ndi wakuti tsiku losamuka dimba limakwera nawo pa ngolo kapena pa galimoto. Koma pemphani kaye kwa eni nyumba, ndipo zikapsa muwapatseko kambale.

Madzi a wudhu asamapite pachabe

Madzi a mumzinda uno ambiri amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wautali, ndipo aliyense amalipira, kaya pa mita kaya pa ndowa kukiyosiki. Kuthirira dimba ndi madzi ogula kokhakokha kungathe phindu lonse. Koma taganizani: Msilamu amachita wudhu kangapo pa tsiku, ndipo madzi akewo alibe sopo. Pakhomo pathu aliyense amachitira wudhu pa beseni, madziwo n'kuthira m'ndowa ya dimba. Kumzikiti tinakumba kangalande kuchoka pochitira wudhu kukafika pa bedi la phwetekere ndi mpiru, ndipo ana a madrasa ndiwo amasamalira. Chipembedzo chathu chimaletsa kuononga madzi, ndiye apa timapeza zabwino ziwiri pa ndowa imodzi.

Madzi otsukira mpunga ndi masamba ndi abwinonso. Madzi a kuchimbudzi ndi a istinja asayandikire dimba, ndipo ochapira zovala ndi sopo waufa wambiri amaononga dothi la m'thumba. Musatunge m'ngalande za m'misewu kapena m'mitsinje ya Mudi ndi Nasolo, muli zonyansa za mzinda wonse. Phwetekere ana amangothyola n'kuponya m'kamwa. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre ndi Mangochi anali m'gulu la maboma ovutika kwambiri. Aphunzitseni ana kutsuka chipatso ndi madzi abwino asanadye.

Thumba limodzi limafuna pafupifupi malita awiri pa tsiku, ndipo mu Okutobala kuposa pamenepo. Thirirani m'mawa ikatha Swala ya Fajr, patsinde osati pamasamba. Phimbirani dothi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe. Musamasiye dothi kuuma gwaa kenako n'kulikhuthulira madzi ambiri, zimenezo ndi zimene zimang'alula zipatso.

Adani ake

Tisakunamizeni kuti phwetekere sadwala. Amadwala, kungoti sagonja msanga. Nthambi ina ikafa, ina imaphuka.

Mdani woyamba ndi chiwawu. Masamba amachita mawanga akuda kapena ofiirira, n'kuuma ngati awauka ndi moto. Chimakonda chinyontho, n'chifukwa chake chimavuta m'dzinja, komanso kuno ku Blantyre mu Juni ndi Julayi chiperoni chikamawaza. Mankhwala ake oyamba ndi kusanyowetsa masamba, kupatsa mitengo mpata wa mphepo, ndi kuthyola masamba odwala n'kukawakwirira kutali.

Wachiwiri ndi akangaude ofiira, tizilombo tating'ono kwambiri tokhala kunsi kwa masamba nyengo yotentha. Masamba amachita timadontho toyera, kenako kaukonde kopyapyala. Wachitatu ndi kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, n'kufalikira mu Africa mpaka kuno kwathu. Kamalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya, kusiya mawanga oyera oonekera, ndipo kamaboolanso zipatso. Padimba la matumba ochepa, maso ndi zala ndiwo mankhwala: yenderani m'mawa uliwonse, tsamba logwidwa lithyoleni ndi kulitentha.

Kwa nsabwe, tintchentche toyera ndi akangaude timagwiritsa ntchito nimu, amene kunyanjako ali paliponse. Sinjani masamba odzaza manja awiri, viikani m'malita 5 a madzi usiku wonse, sefani, sungunulirani kasopo pang'ono ndi kuwaza madzulo, makamaka kunsi kwa masamba, kamodzi pa sabata. Ena amagwiritsa ntchito ombwe, amene kwina amati mthuthu. Amaphadi tizilombo, koma inu asodzi mukudziwa kuti ombwe ndi poizoni wa nsomba. Musatsukire ndowa yake m'nyanja kapena mumtsinje. Mukagula mankhwala a m'sitolo, werengani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwasunge ndithu masikuwo. Chakudya chimene tikupatsa ana athu ndi anansi chiyenera kukhala chosavulaza, umenewo ndi udindo pamaso pa Allah.

Mtengo ukangofota wonse mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dothi lili lonyowa, uzuleni ndi kutaya dothi la thumbalo kutali. Mukauzula n'kupeza mizu ili ndi timatuza totupa, ndiye kuti m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Musabwerezenso tomato pamenepo, ngakhale mabilinganya, tsabola, mbatata ya kachewere kapena fodya, chifukwa zonsezi ndi banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. Bzalanipo chimanga kapena anyezi kaye.

Nkhuku za anansi zimafuna kampanda ka matumba kapena ka bango. Apumbwa okha timawasiya adyeko. Tonse tinaphunzira kumadrasa kuti chimene mbalame kapena munthu wadya pa mbewu imene unabzala chimawerengedwa ngati sadaka. Kunena zoona, ana a madrasa ndiwo amatipezetsa sadaka yambiri kuposa apumbwa.

Kwa inu a kunyanja

Kwanuko zinthu zina n'zosiyana ndi kuno kumtunda. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumayoyola maluwa a matimati asanagwire zipatso. Phwetekere amapirirako kuposa akuluakulu aja, komabe nyengo yabwino yofesa ndi kuyambira Malichi mpaka Julayi. Wa m'chilimwe muikeni pamene dzuwa la masana limatchingidwa ndi mtengo kapena nyumba. Nyengo ya mwera mangirirani bwino, mphepo imathyola nthambi.

Dothi lamchenga silisunga madzi, ndipo tinyongolotsi totupitsa mizu timalikonda. Matumba angakuthandizeni inunso: sakanizani dothi la pachulu, manyowa a mbuzi owolerana ndi mchenga pang'ono. Muli ndi chuma chimene ife kuno tilibe, mamba ndi matumbo a nsomba. Musazitaye pagombe pomwe zimangoitana ntchentche. Zikwirireni mozama m'dzenje la manyowa pamodzi ndi zinyalala ndi phulusa, kuti agalu ndi amphaka asafukule, zikhale miyezi iwiri kapena itatu. A ku Nkhotakota ndi ku Salima, mankhusu a mpunga ndi abwino kuphimbira dothi.

Miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, ndalama pakhomo imachepa. Nthawi imeneyo ndi pamene matimati a pakhomo amaoneka phindu lake. Ndipo nzeru yake ndi imodzimodzi ndi imene mukuidziwa kale. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambiri kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi a kumeneko amaona phindu lake akatsegulira. Padimba napo musathyole zonse za mumphika. Zipatso zabwino kwambiri zisiyeni zipse, zikhale mbewu.

Mumphika ndi pathandala

Phwetekere safuna mpeni. Amayi amangotsuka odzaza dzanja, n'kufinyira mumphika. Kuwawasa kwake kumagwirizana ndi usipa, utaka, mlamba wowamba, therere ndi nkhwani, ndipo msuzi wake umamveka ngakhale mafuta ali ochepa. M'mwezi wa Ramadhan, pamene mphika wa madzulo umafunika kukoma tsiku lililonse, kungotuluka panja n'kuthyola ndi mpumulo waukulu kwa amayi.

Akachuluka mu Seputembala ndi Okutobala musamusiye awole. Dulani chipatso chilichonse pakati, wazani mchere pang'ono, yanikani pathandala loyera monga muchitira ndi usipa, mbali yodulayo kuyang'ana kumwamba, n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere. Pa dzuwa la kunyanja masiku 3 kapena 4 amauma. Sungani m'botolo lotseka, kapena sinjani akhale ufa. M'dzinja supuni ziwiri za ufawo zimakometsa mphika wonse.

Pempho lathu

Mawa m'mawa mukamachoka kumzikiti, tayang'anani padzala ndi kuseri kwa khola. Mukapeza phwetekere womera yekha, musamuzule. Muzikireni kamtengo, muthirireni, ndipo akapsa sungani njere monga tafotokozera. Afunseni anganga amene adakali moyo ngati ali ndi mtundu umene anausunga, chifukwa akapita osaufunsa umapita nawo.

Ndipo mukamamanga katundu wa usipa wopita kwa ana anu ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri kapena kuno ku Bangwe, ikanimo kapepala ka njere zouma. Usipawo adya sabata imodzi n'kutha, koma njerezo, Insha Allah, zidzawadyetsa chaka chino ndi chamawa. Muwauze kuti mbande zikamera agawireko anansi, Asilamu ndi omwe si Asilamu, chifukwa sitidziwa khomo limene mbewu yathu idzabwerere tsiku la mavuto. Ife chaka chino mbande zoyamba za mu Epulo zipita ku Machinjiri, kwa mayi uja.

Allah adalitse minda yanu, ngalawa zanu ndi ana anu. Wassalaam alaikum.